Munthu amatuluka bwanji m'gulu la mbava, nanga angabweze bwanji ana ena?

Munthu akamva za gulu la zigawenga amaganiza za m'mavidiyo: anyamata a ku Los Angeles kapena a ku Cape Flats, thupi lonse zojambulajambula, mfuti m'chiuno, gulu lili ndi dzina lake ndi malire ake. Wa ku Ngabu akaona zimenezo amapukusa mutu, amati kwathu kuno kulibe. Dzina n'zoona palibe. Koma mufunseni mwini khola ku Chapananga chifukwa chake amagona panja udzudzu ukumudya. Mufunseni wa kabaza pa Nchalo chifukwa chake amakana kasitomala wofuna kuperekezedwa kuseri kwa minda ya nzimbe dzuwa litalowa. Ng'ombe zisanu sizituluka m'khola ndi munthu mmodzi, ndipo njinga yamoto yobedwa madzulo siifika tsidya lina m'mawa popanda anthu olandirana m'njira.

Magulu a kuno kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, amayenda ngati unyolo. Pali wolondolera, amene nthawi zambiri ndi wa m'mudzi momwemo. Iyeyu amadziwa khola lopanda galu ndi usiku umene mwini wake wapita kukagona kusiwa. Pali okusa, oyenda ndi ng'ombezo usiku wonse m'tchire. Pali wa bwato, kapena wodziwa njira zachidule za m'malire a Mozambique, malire aatali amene malo ambiri ndi thengo chabe ndipo mbumba imodzi ili mbali zonse ziwiri. Pamapeto pali wogula, munthu wa ndalama, amene nyamayo akaipachika pa butchala kapena akakweza ng'ombezo pa lole kukwera mapiri a Thabwa. Ameneyu sagona m'tchire, ndipo kawirikawiri okusa aja dzina lake salidziwa n'komwe. Woponda minga, wogwidwa, wozunguliridwa ndi anthu okwiya atanyamula zibonga, amakhala mnyamata wa zaka 15 kapena 17 amene analonjezedwa ndalama zosakwana mtengo wa mwendo umodzi wa ng'ombeyo.

Mnyamata ameneyu sanagwe kumwamba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 ku Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, ndipo m'dziko lonse theka la anthu linali la zaka zosakwana 18. Ana ndi ochuluka, zochita n'zochepa. Kudula nzimbe n'kwa sizoni. Thonje limene kale linkalipirira ana sukulu silidalirikanso chaka ndi chaka. Doko la Nsanje linatsegulidwa ndi nthungululu mu Okutobala 2010, achinyamata akuwerengera ntchito, koma sitima zonyamula katundu sizinabwere. Ndiye pali madzi. Anasefukira mu Januwale 2015, namondwe wa Idai anabwera mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Freddy mu Malichi 2023. Ulendo uliwonse sukulu zimasanduka misasa ya othawa madzi, maphunziro amaima, ndipo mwana wa Sitandade 6 amene wakhala miyezi iwiri pamsasa akusaka maganyu pa Bangula sabwerera m'kalasi mophweka. Walawa ndalama yake, mabuku anapita ndi madzi, kunyumba kulibe womukakamiza chifukwa nyumbayo kulibenso.

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchikamba, ndipo chimandipweteka. Chigwa chino ndi cha ng'ombe, ndipo ambiri oziweta ndi ana olembedwa ubusa, ana a mabanja osauka otumizidwa kukhola la munthu wina kuti kunyumba kuchepe kamwa imodzi. Mwana wotere amakulira m'dambo. Amadziwa kuyendetsa ng'ombe usiku osalira, amadziwa powolokera mtsinje, amadziwa khola lililonse m'dera lonse. Sukulu sanaione, malipiro ake ndi ochepa, nthawi zina amangolonjezedwa. Akafika zaka 16 ali ndi luso limodzi lokha padziko lapansi, ndipo woyamba kulilemekeza luso limenelo n'kulilipira amakhala wakuba ng'ombe. Timadabwa kuti mbava zikudziwa bwanji njira zathu, chonsecho tinaziphunzitsa tokha. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu.

Gulu limamupatsa zimene palibe anamupatsapo. Chakudya inde, foni, kachasu ndi chamba pa shabini. Koma chachikulu n'choti pali munthu wamkulu amene amamuitana ndi dzina lake, amamutuma, amamuyamikira akachita bwino. Mwana amene kunyumba amangomva kuti ndiwe chitsiru amamva koyamba kuti ndiwe dolo. Amene akufuna kumutulutsa mwanayu ayambe wadziwa kuti akumulanda chinthu chimene kwa iye n'chamtengo.

Tsono kutuluka kumayenda bwanji? Ofufuza za magulu otere ku America anapeza kuti achinyamata ambiri amakhalamo chaka chimodzi kapena ziwiri basi, ndipo ambiri amachoka pang'onopang'ono, popanda mwambo kapena kumenyedwa monga mavidiyo amaonetsera. Munthu amatopa. Mnzake waphedwa iye akuona. Mkazi wake wabereka, ndipo kugona m'tchire kwayamba kumuwopsa mmene sikunkamuwopsera kale. Wina ndende ndi imene imamusintha, poti lamulo lathu limalola chilango chofika zaka 14 pa mlandu wakuba ziweto, ndipo zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri m'chitolokosi zimamupatsa munthu nthawi yowerengera amene anadya ndalama ndi amene akudya mgaiwa wa kundende. Wina amatembenuka mtima kutchalitchi kapena kumzikiti. Kawirikawiri zimakhala ziwiri kapena zitatu pamodzi, ndipo munthu amatuluka, kubwereramo, kutulukanso, asanakhazikike.

Kuganiza zosiya ndi gawo laling'ono. Chovuta n'choti anthu atatu ayenera kumumasula, ndipo onse amachedwa. Anzake akale samumasula msanga chifukwa akudziwa zambiri. Tsiku limene apolisi agwira mmodzi wa iwo, woyamba kuganiziridwa kuti waulula ndi amene anasiya uja. Pena pamakhalanso ngongole, ndalama zimene anapatsidwa pa belo kapena pa matenda a mayi ake, ndipo wogula uja saiwala. Apolisi nawonso samumasula, poti khola likathyoledwa mayina oyamba kukumbukika ndi a amene anamangidwapo. Ndiye pali mudzi. Mudzi suiwala ng'ombe. Kwa munthu wa kuchigwa ng'ombe ndi banki, ndi fizi ya mwana, ndi lobola, ndi bokosi la maliro. Wakubera ng'ombe wakubera zaka khumi za thukuta, ndipo n'zomveka kuti ukamuona akudutsa atavala jekete la kutchalitchi mtima sugwa pansi.

Apa m'pamene pali imfa. Chigwa chino chikudziwa chilango cha khamu la anthu okwiya. Mu Malichi 2016 anthu asanu ndi awiri anatenthedwa ku Nsanje powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu, nkhani imene inafika mpaka ku ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu. Khamu likakwiya silifunsa kuti munthuyu anasiya liti. Ndiye munthu amene watuluka kundende ali ndi njira ziwiri zimene zonse n'zoipa: kukhala m'mudzi akugona khutu limodzi lili panja, kapena kuthawira ku Limbe kapena tsidya la Mozambique kumene omulandira okha ndi anzake akale aja.

N'chifukwa chake ndimaona kuti ntchito yaikulu ili pabwalo la mfumu. Kumene zimayenda bwino, wotulukayo safika ngati wozemba. Abale ake amamutengera kwa nyakwawa, kwa Amang'anja malume ake ali patsogolo, kwa Asena abambo ake kapena abale a kuchimuna. Amakhala pansi pamaso pa amene anawalakwira, amavomera ndi pakamwa pake, ndipo pamagwirizanidwa chobweza, kaya mbuzi, kaya ntchito ya m'munda, kaya ndalama zolipira pang'onopang'ono. Khoti limalanga m'dzina la boma, koma mwini ng'ombe sabwezeredwa kanthu ndi zaka zimene wina wakhala m'ndende. Chimene chimatsitsa mkwiyo ndi kumva wolakwa akunena kuti ndinali ine, ndipo mfumu ikulengeza anthu onse akumva kuti nkhani yatha, womugwira munthuyu wagwira ine. Popanda mawu amenewo, zonse zimene ndikambe m'munsimu sizingayambe.

Za ana lamulo lathu lili bwino papepala. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 limati mwana asatumizidwe kundende, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu konse. Pa milandu yocheperako, mwana wovomera kulakwa akhoza kuchotsedwa m'njira ya khoti n'kupatsidwa zochita zina: kupepesa, kubweza, kubwerera kusukulu, kuyang'aniridwa ndi munthu wodalirika. Amene mlandu wake wakula amapita kumalo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre kapena Chilwa ku Zomba. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linathetsanso mbali ina ya lamulo la vakabu pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda wa ku Blantyre, lamulo limene linkapangitsa kuti munthu amangidwe chifukwa chongopezeka pamsewu nthawi yolakwika. Koma taonani pamene pali dzenje. Lamulo likuti mwana ayang'aniridwe ndi munthu wodalirika. Munthuyo ndani? Alangizi a zachisamaliro cha anthu ndi ochepa, dera lawo n'lalikulu, mvula ikagwa Makhanga safikika. Mwana amabwezedwa kumudzi komwe kuja, kwa anzake omwe aja, ndipo wolondolera uja amamulandira ndi moni.

Munthu amene anatuluka m'gulu amakwana pa dzenje limeneli kuposa wina aliyense. Aphunzitsi, abusa a mpingo ndi agogo amalankhula zoona, koma mnyamata wa pa shabini amawamvera ndi khutu limodzi, mumtima akuti inu simudziwa. Kwa munthu amene ali ndi chipsera cha chikwanje pamsana sanganene choncho. Ameneyu amadziwa zizindikiro zimene kholo silingaone: mwana wayamba kugona masana, ali ndi foni imene palibe anamugulira, pali bambo wina amene akumugulira chipisi pamsika masiku atatu otsatizana. Amadziwa mawu amene wokopa amanena chifukwa anawamvapo, mwinanso anawanenapo kwa mwana wa wina. Amadziwanso mtengo weniweni, kuti pa ng'ombe yogulitsidwa ndalama zambirimbiri wokusa amalandira zingati, ndipo akamuwerengera mwanayo poyera nkhani ya kukhala dolo imayamba kuzilala.

Maganizo amenewa ayesedwa m'mayiko ena. Dokotala wa ku America, Gary Slutkin, anagwira ntchito yolimbana ndi kolera ndi chifuwa chachikulu ku Somalia, kenako Edzi ku Uganda. Atabwerera kwawo ku Chicago anaona kuti kuwomberana kumafala ngati mliri, wina akaphedwa abale ake amabwezera, obwezeredwawo n'kubwezeranso. Mu 2000 anayambitsa ntchito imene lero imatchedwa Cure Violence, yolemba anthu ochokera m'magulu omwewo kuti azikafika pamene pali mkangano mfuti isanalire. Ku Los Angeles wansembe wa Chikatolika Greg Boyle, atatopa ndi kuika m'manda anyamata a m'parishi yake, anayamba mu 1988 kuwapezera ntchito. Mu 1992 anatsegula bekale, imene inakula kukhala Homeboy Industries, kumene anthu amene ankasakana kuti aphane amakanda ufa pa tebulo limodzi ndipo zojambula za pathupi zimafufutidwa kwaulere kuti munthu athe kulembedwa ntchito.

Koma chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife ndi cha ku Monrovia, m'dziko la Liberia, kumene kuli umphawi wofanana ndi wathu komanso zipsera za nkhondo. Bungwe la kumeneko lotchedwa NEPI, limene alangizi ake ambiri anali asilikali a nkhondo yapachiweniweni kapena anyamata a pamsewu, linkasonkhanitsa amuna oba ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo kwa masabata 8. Zophunzira zake n'zosavuta kuzimva: kuzindikira mkwiyo ukamayamba n'kuchoka pamalopo, kukonzekera za mawa, kusunga kandalama, kumeta, kuchapa, kukalowa m'banki kapena m'sitolo yaikulu n'kuona kuti mlonda sakukuthamangitsa. Ofufuza Christopher Blattman, Julian Jamison ndi Margaret Sheridan anatsatira amuna 999 ogawidwa mwa maere. Ena analandira maphunziro okha, ena madola 200 okha, ena zonse ziwiri, ena sanalandire kanthu. Patangopita masabata ochepa kusintha kunaoneka, koma chaka chitatha, amene anagwiritsitsa kwambiri anali olandira zonse ziwiri. Atawafunafunanso patapita zaka 10, kuba ndi kugulitsa mankhwala pakati pa amenewa kunali kotsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi amene sanalandire kanthu.

Mfundo imene imandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi iyi. Ndalama zija ambiri sanamwere. Anagulira chakudya, analipira nyumba, anayamba timabizinesi, ndipo timabizinesi tambiri tinagwa chaka chisanathe, tina chifukwa chobedwa. Sanalemere. Chimene ndalamazo zinawagulira ndi miyezi ingapo yokhala ngati munthu wina, kudzuka m'mawa kupita kumsika m'malo mopita kukaba, mpaka khalidwe latsopanolo linamera mizu. Pomatha chaka choyamba, uphungu wopanda chakudya unali utafooka, ndalama zopanda uphungu zitangotha. Aliyense amene wayesapo kulangiza mnyamata wa pa Dyeratu amadziwa yankho limene limabwera: "Achimwene, zonsezo ndamva, koma madzulo ano ndidya chiyani?" Mlangizi amene alibe yankho la funso limeneli amabwerera yekha.

Ndisabise kuti ntchitoyi ili ndi ngozi zake. Zotsatira za Cure Violence sizofanana paliponse, m'madera ena kuwomberana kunatsika, m'madera ena sikunasinthe. Ku Baltimore, mzinda wina wa ku America, mu 2015 ofesi imodzi ya ntchito yotere inatsekedwa kwa kanthawi apolisi atapezamo mfuti ndi mankhwala, ndipo pakati pa 2021 ndi 2022 alangizi atatu a mumzinda womwewo anaphedwa. Munthu amene wasiya dzulo n'kumutuma lero kukakhala pakati pa anzake akale, fungo la kachasu lili pamphuno, ndalama zikuwerengedwa iye akuona, tamuika pamoto. Kholo limene likukayika kupereka mwana wake kwa munthu amene anamangidwapo silikulakwa. Payenera kupita nthawi yoti mudzi uone ndi maso, asagwire ntchito yekha, pakhale mayi kapena bambo wa komiti yoteteza ana amene amadziwa kumene wapita ndi ana amene wakumana nawo. Amene mlandu wake unali wokhudza ana kapena kugwirira asayandikire ntchito imeneyi ngakhale atasintha bwanji.

Palinso nkhani ya apolisi ndi achitetezo a m'mudzi, ndipo apa anthu abwino amasemphana. Mwini khola akufuna kuti wotulukayo atchule mayina. N'zomveka. Koma tsiku limene ana adziwa kuti zimene amauza achimwene aja zimakafika kupolisi, palibenso adzatsegula pakamwa, ndipo moyo wa mlangiziyo uli pachiswe. Ku Chicago analekanitsa dala ntchito ziwirizi. Ine ndikuona kuti kunonso ziyenera kulekana: wapolisi afufuze, makamaka wogula uja amene sagwidwa, ndipo mlangizi asiyidwe kuti abweze mwana asanafike pakhola. Pokhapokha moyo wa munthu ukakhala pangozi ndi pamene ayenera kukanena, ndipo ana aziuzidwa zimenezo kuyambira tsiku loyamba.

Atsikana timawaiwala chifukwa sakusa ng'ombe. Koma ndi iwo amene amaphikira gulu, kusunga katundu, kutumidwa ndi foni, ndipo pa malo ogona madalaivala m'mbali mwa msewu wa M1 ena amagulitsa thupi asanakwane zaka 16. Amenewa mwamuna sangawafikire, pafunika mayi amene anadutsamo.

Chomwe chimandidandaulitsa kwambiri n'choti timafuna munthu wotere agwire ntchitoyi kwaulere. Timamuimika kutsogolo pa msonkhano, achitire umboni, anthu awombe m'manja, alandire botolo la zakumwa ndi ndalama ya thiransipoti, kenako abwerere kunyumba kumene ana ake agona ndi njala. Iye amafuna ntchitoyi ndi mtima wonse, chifukwa kubweza mwana wa wina ndi njira imene zaka zake zotayika zimapezera phindu, ndipo ofufuza za anthu osiya umbanda akhala akuona kuti wothandiza anzake iye mwini amakhazikika. Koma ndi ntchito ya usiku, ya pamaliro, ya kuyenda wapansi kuchokera pa Sorgin kukafuna mwana amene sanagone kunyumba. Wazaumoyo wa m'mudzi amalandira malipiro chifukwa chopewetsa kolera. Uyu akupewetsa maliro a mnyamata ndi kutha kwa khola, ndipo wogula uja akudziwa bwino kuti munthuyu ali pa njala.

Zipangizo zina zilipo kale, sizifuna kuitanitsa kunja. Maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA alipo, banki mkhonde ili m'mudzi uliwonse, Mtukula Pakhomo akufika m'maboma onse awiri, timu ya mpira ili pa sukulu iliyonse. Vuto n'loti pakhomo pa zonsezi pamaima munthu wosankha, ndipo wosankha amayamba ndi ana omvera. Amayi a banki mkhonde sangamulole msanga munthu amene anaba kukhala pafupi ndi bokosi pokhapokha wina wodalirika amuimire. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, imene cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000, ikutsika ndi chigwa, ndipo pamodzi nayo pakubwera magulu a alimi, maganyu okumba ndi kulambula, ntchito za ulonda. Mayina a ntchito zotere amadutsa kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko. Mfumu imene inalengeza pabwalo kuti nkhani ya uje yatha ikhoza kulembanso dzina lake pa mndandanda umenewo, pamodzi ndi mayina a anyamata atatu kapena anayi amene iye akuwayang'anira, kuti Lolemba m'mawa adzanyamukire limodzi makasu ali paphewa.